Yankho kwa amalume pa zowerenga za mikangano ndi ulamuliro pa intaneti

Amalume, ndakulonjerani, pamodzi ndi onse kunyumbako ndi abale amene muli m'gulu lino. Uthenga wanu ndinaumva dzulo madzulo, koma ndinafuna ndiyambe ndafufuza ndisanakuyankheni. Munanena kuti anthu akusankhani kulowa m'komiti yoona za malo ya kwa gulupu, ndipo munafunsa ngati pa intaneti pali poti munthu angawerengepo za mikangano ndi kayendetsedwe ka zinthu, kuti mukakhala pabwalo musamangodalira zimene munamva kwa ena. Malo otero alipo, ndipo ambiri salipiritsa. Chimene chimatha ndi bandulo ndi nthawi, makamaka ngati munthu walowamo asakudziwa chimene akufuna.

Ndikunena izi chifukwa zandichitikira usiku wathawu. Ndinatsegula laibulale ya GSDRC, yomwe ili pansi pa yunivesite ya Birmingham ku Britain, ndipo imasunga zolemba za kafukufuku pa nkhani za ulamuliro, mikangano ndi chitukuko. Ubwino wake ndi wakuti zolemba zambiri anazifupikitsa, kotero kuti mumawerenga tsamba limodzi kapena awiri n'kudziwa ngati lipoti lonse lili ndi phindu kwa inu musanalitsitsire mu foni. Koma ine ndinalakwitsa poyamba, pakuti ndinangolemba liwu limodzi lakuti "conflict" m'kabokosi kofufuzira, ndipo zimene zinabwera zinali za nkhondo zokhazokha: za ku Sudan, za kum'mawa kwa Congo, za ku Somalia. Ndinapezeka kuti ndatha pafupifupi ola lathunthu ndikuwerenga za Cabo Delgado ku Mozambique, kumene zigawenga zinayamba kuukira mu Okutobala 2017. Nkhani imeneyo ndi yofunika, poti Mozambique ndi mnansi wathu, ndipo inu mukukumbukira bwino anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo ya Renamo, mtendere usanasainidwe ku Rome mu 1992. Komabe sizikanakuthandizani pa mlandu wa malire a dimba pakati pa mabanja awiri.

Choncho langizo langa loyamba ndi lakuti muzifufuza mopanikiza. Pafupifupi zonse zili m'Chingerezi, ndiye lembani mawu atatu kapena anayi oloza nkhani yanu yeniyeni, monga "customary land disputes Malawi" kapena "chiefs land Malawi". Nditalemba choncho, zotsatira zinachepa kwambiri, koma zinali zokamba zinthu zimene timazidziwa: za chikamwini ndi chitengwa, za mphamvu ya mwinimbumba, za mkamwini amene walima munda zaka zambiri kenako mkazi wake n'kumwalira, za malo ogulitsidwa mwachinsinsi abale ena asakudziwa.

Chachiwiri, ndipo apa ndikupempha kuti mumvetsere bwino, muziyang'ana chaka chimene cholembacho chinatuluka musanakhulupirire zimene chikunena. M'malaibulale amenewa zakale ndi zatsopano zimakhala pamodzi, ndipo pa foni zimaoneka zofanana. Lipoti la 2005 likhoza kufotokoza bwino za miyambo yathu, koma silingakuuzeni za komiti imene mwalowamoyo, chifukwa komiti imeneyo inabwera ndi lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022. Lamuloli limati komiti ikhale ndi gulupu ngati wapampando pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Limakhazikitsanso bwalo loweruza milandu ya malo pa mlingo wa mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira akhoza kukadandaula ku bwalo la paboma, kenako ku bodi yaikulu ya dziko lonse. Munthu amene wangowerenga zolemba zakale angathe kuima pagulu n'kunena molimba mtima zinthu zimene lamulo linasintha kalekale, ndipo amene angavutike ndi mayi wamasiye amene wamukhulupirira.

N'chifukwa chake ndikuti, pa nkhani ya lamulo, musakhutire ndi zimene wofufuza wanena za lamulolo, koma muwerenge lamulo lenilenilo. Pali tsamba lotchedwa MalawiLII, limene limasunga malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhothi, ndipo kulowamo ndi kwaulere. Chingerezi chake n'cholemera, sindikubisirani, koma ndime zokhudza ntchito ya komiti yanu si zambiri, ndipo tikhoza kuziwerengera limodzi ine n'kumamasulira.

Chachitatu ndi kudzifunsa kuti walemba ndani, ndiponso amalembera yani. Malipoti ambiri a m'malaibulale amenewa analembedwa pofuna kuthandiza mabungwe opereka thandizo kusankha kumene angaike ndalama zawo, motero amayang'ana dziko lonse ngati mmene mbalame imaonera mudzi ili m'mwamba. Sikuti ndi abodza ayi, koma wolembayo mwina anakhala m'boma limodzi masabata awiri, n'kucheza ndi anthu ochepa kudzera mwa womasulira. Ine ndimakonda kuika zolemba zoterezi pambali pa za mabungwe a mu Africa momwe muno. Bungwe la ACCORD la ku Durban, lomwe linayamba mu 1992, limalemba kwambiri za kuyanjanitsa anthu okangana, ndipo magazini yake ya Conflict Trends imapezeka mwaulere. Palinso Afrobarometer, imene kuyambira 1999 imafunsa anthu wamba maganizo awo pa za mafumu, makhansala, apolisi ndi makhothi, ndipo kuno ku Malawi kafukufukuyo wakhala akuchitika mogwirizana ndi Centre for Social Research ya ku Zomba. Pamenepo mumamva mawu a anthu ngati ife, ngakhale kuti asanduka manambala.

Pali chinthu china chimene chinandikhudza mtima pamene ndimafufuza, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Nditalemba dzina la Salima pamodzi ndi mawu okhudza usodzi, ndinapeza kuti akatswiri akhala akulemba za chilumba cha Mbenji, chathu chomwechi cha kwa Makanjira. Amachitchula ngati chitsanzo cha ulamuliro wabwino wa zachilengedwe, chifukwa kuyambira cha m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, n'kudzatsegula ndi mwambo mvula ikamatha, ndipo pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Inu munapitako kangapo kudzera ku Chikombe kukagula utaka, ndipo mukudziwa kuti msodzi wophwanya malamulowo amathamangitsidwa popanda kudikira wapolisi. Zimene ife timaziona ngati zachizolowezi, anthu ophunzira amazilemba m'mabuku n'kumaphunzitsana m'mayunivesite. Ndikunena izi kuti musalowe m'malaibulalewa ndi mtima wodziderera, ngati kuti nzeru zonse zothetsera mikangano zili kunja. Zaka zimene mwakhala mukumvetsera milandu pansi pa mtengo wa mango kwa agogo zakupatsani zinthu zimene lipoti lililonse silingakupatseni, monga kudziwa kuti mkangano wa malire nthawi zina gwero lake ndi maliro amene banja lina silinapiteko zaka khumi zapitazo. Chimene zolembazo zingakuwonjezereni ndi kuona mmene madera ena anachitira pa vuto lofanana ndi lanu, ndiponso kukuchenjezani pa malo amene mwambo umapondereza ena, makamaka amayi ndi ana amasiye.

Mukafuna kudziwa mmene dziko lathu lakonzera nkhani za mtendere, fufuzani za ndondomeko ya mtendere ya 2017 ndi lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022, limene linakhazikitsa komishoni yoona za mtendere ndi umodzi pamodzi ndi makomiti ake a m'maboma. Maganizo amenewa anakula pambuyo pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo yawo. Ndi bwino kuzidziwa, chifukwa mkangano ukakula kufika pokhudza midzi iwiri kapena zipembedzo, simuyenera kuusenza nokha.

Pa nkhani ya bandulo, musatsegule lipoti lililonse limene mwaliona. Werengani kaye chidule chimene chimakhala koyambirira, ndipo ngati chikukhudza nkhani yanu, litsitsireni mu foni kamodzi kokha kuti muziliwerenga ngakhale intaneti itazimitsidwa. Malipoti okhala ndi zithunzi zambiri ndi amene amadya kwambiri. Muzilembanso m'kope dzina la lipotilo, chaka chake ndi tsamba limene mwapezapo mfundo, kuti wina akadzakufunsani pabwalo kuti zimenezi mwazitenga kuti, mudzakhale ndi poloza.

Ndikupemphaninso chinthu chimodzi mwaulemu, amalume. Mukafuna kuti ndikufufuzireni za mlandu wina, musatchule maina a anthu okanganawo m'gulu lino, pakuti tilimo ambiri ndipo uthenga ukatuluka subwezeka. Mungonditumizira kumbali mtundu wa nkhaniyo, kaya ndi ya malire, kaya ndi ya malo amasiye, kaya ndi ya munda wobwereketsa umene wobwerekayo akukana kubweza, ndipo ine ndidziwa mawu oti ndifufuzire. Loweruka likubwerali ndidzasindikiza ndime za lamulo la 2016 zokhudza komiti ndi mabwalo pano pa Kamuzu Road, pamodzi ndi zosintha za 2022, ndipo ndidzabwera nazo kumudziko masana. Ngati amayi atatu a m'komiti mwanu angapezeke tsiku limenelo, muwauze abwere kuti tidzawerengere pamodzi.