Yankho: sitampa ya Columbus ya masenti 2

Achimwene, mwafunsa ngati sitampa ya Columbus yomwe mwaipeza mu buku la agogo anu ndi yozokota komanso ngati ingagulidwe ndalama zambiri.

Ndi yozokota ndithu. Ili m'gulu la masitampa 16 omwe dziko la America linatulutsa mu 1893 pokumbukira zaka 400 za ulendo wa Christopher Columbus, woyenda panyanja yemwe anachoka ku Ulaya nkukafika ku America mu 1492, nthawi ya chionetsero chachikulu cha ku Chicago. Mmisiri ankazokota chithunzi pa chitsulo, inki nkulowa m'timizere timeneto, kenako pepala nkupanikizidwa mwamphamvu. Nchifukwa chake inki imatumphuka pang'ono pamwamba pa pepala. Yatsani tochi cham'mbali, muyang'ane ndi galasi lokulitsa zinthu: mudzaona timizere tating'onoting'ono tosiyana kunenepa, osati timadontho ngati ta m'nyuzipepala. Musamaikhudze ndi zala, thukuta limadetsa.

Onaninso zaka zolembedwa pamwamba. Yoyambirira ili ndi 1492 ndi 1892. Mu 1992 anasindikizanso zithunzi zomwezo, koma analemba 1992.

Pa za mtengo, musayembekezere zambiri. Ya masenti 2 anasindikiza zoposa biliyoni imodzi, choncho yogwiritsidwa kale ntchito imapezeka paliponse pamtengo wotsika. Zodula ndi za madola, makamaka ya madola 5.

Chosangalatsa china: pa sitampa ya senti imodzi Columbus alibe ndevu akuona mtunda, koma pa yanuyo, akutsika m'ngalawa, ndevu zili gwa! Zithunzizo zinatengedwa kwa ojambula osiyana.