Mitundu ya hops ndi ntchito yake pofulula mowa: yankho kwa bambo a ku Chilomoni

Bambo wina wa ku Chilomoni, amene wayamba kufulula mowa wa balere pakhomo pake, wandilembera kalata pa imelo. Akuti mbale wake wamubweretsera mapaketi atatu a hops (mbewu yowawitsa ndi kununkhiritsa mowa) kuchokera ku Johannesburg, olembedwa Magnum, Saaz ndi Cascade, ndipo akufuna kudziwa ngati kusiyana kwake ndi kwa dzina chabe, komanso ngati mbewuyi ingalimidwe kumunda kwawo ku Thyolo.

Bambo, kusiyanako ndi kwenikweni, ndipo mukakumvetsa mudzaona kuti nthawi imene mumathira hops mumphika ndi yofunika mofanana ndi dzina lolembedwa pa paketi.

Ife tinazolowera masese ndi Chibuku, mowa wa chimanga ndi mapira umene mulibe hops, wowawasa, umene sukhalitsa masiku ambiri. Mowa wa m'botolo umene fakitale ya Carlsberg inayamba kufulula kuno ku Blantyre mu 1968 ndi wamtundu wina, ndipo kuwawa kumene kumatsalira pa lilime mukaumwa kumachokera ku hops. Imeneyi ndi mbewu yoyanga imene alimi amaikwezera pa zingwe mpaka mamita 6 kapena kuposa, ndipo chimene amakolola ndi maluwa a mbewu yaikazi. Mukaling'amba duwalo mumapeza ufa wachikasu wonata m'zala, wotchedwa lupulin. Mu ufawo muli zinthu ziwiri zimene wofulula amafuna: asidi wowawitsa, amene pa paketi amamulemba kuti alpha, ndi mafuta onunkhira. Asidiyo sawawitsa mowa pokhapokha atawira nthawi yaitali, pamene mafutawo amathawa ndi nthunzi akangowira pang'ono. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa zimene zimatulutsa kuwawa ndi zomwezo zimene zimapha fungo.

Tsopano tiyang'ane mapaketi anu. Magnum ndi wa ku Germany, ndipo alpha wake amakhala pakati pa 12 ndi 14 peresenti. Ntchito yake ndi kuwawitsa basi. Pa malita 20 a madzi a chimera, magalamu 15 mpaka 20 othiridwa poyambirira n'kuwira ola lathunthu ndi okwanira mowa wamba, ndipo kuwawa kwake kumatuluka koyera, kosakanda pakhosi.

Saaz ndi nkhani ina. Amalimidwa kudera la Žatec m'dziko la Czech Republic, ndipo ali m'gulu la mitundu inayi yakale imene ofulula a ku Ulaya amailemekeza kwambiri, pamodzi ndi Hallertauer Mittelfrüh, Tettnang ndi Spalt a ku Germany. Alpha wake ndi wochepa, kawirikawiri 3 kapena 4 peresenti, kotero kuti mutafuna kuwawitsa naye mowa mungathire kanayi kuposa Magnum. Kwa munthu amene hops amamudzera ndi wapaulendo, kumeneko n'kuwononga. Ubwino wa Saaz uli mu fungo lake lofatsa, la udzu wouma ndi zokometsera, limene linatchukitsa mowa wa pilsner umene unayambira mumzinda wa Plzeň mu 1842. Muthireni kutatsala mphindi 10 kapena 5 kuti muphule mphika. Ndi monga tsabola wa kambuzi: amene akufuna fungo lake samuponya mu ndiwo poyamba penipeni.

Cascade anatulutsidwa mu 1972 ndi akatswiri a zaulimi ku Oregon, m'dziko la America, ndipo ndi amene anasintha kakomedwe ka mowa wa mafakitale ang'onoang'ono kumeneko. Mukafikisa timibulu take m'manja mudzamva fungo la makoko a malalanje ndi maluwa. Alpha wake ali pakatikati, 5 mpaka 7 peresenti, choncho atha kugwira ntchito zonse ziwiri. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi ameneyu, pa chifukwa chimene mabuku akunja sachitchula kawirikawiri: kutentha kwathu. Saaz amakoma mu mowa wamtundu wa lager, monga pilsner uja, koma lager amafuna kuti yisiti igwire ntchito pamalo ozizira pafupifupi madigiri 10, zimene kuno sizitheka popanda firiji yosazima. Cascade amayenda bwino ndi mowa wa ale, umene umasasa pa madigiri 18 mpaka 20, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chipinda chamkati cha nyumba ya ku Blantyre chimafikapo pamenepo. Thirani Magnum pang'ono poyamba, Cascade pomaliza, ndipo Saaz mumusungire tsiku limene mudzakhala ndi pozizirira.

Kusungako n'kofunika kwambiri. Mpweya, kutentha ndi kuwala zimakalambitsa hops msanga, ndipo wokalamba amasiya kubiriwira n'kuyamba kununkha chivundi. Paketi mukaitsegula, finyani mpweya wonse, mangani bwino, n'kuiika m'firiji mbali youndana madzi. Zotsalira za mumphika musamatayire pamene pali agalu, chifukwa hops ndi poizoni kwa iwo.

Za kulima ku Thyolo, sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza. Vuto si nthaka kapena mvula, koma kutalika kwa usana. Hops amakula bwino kumadera akutali ndi mzere wodutsa pakati pa dziko lapansi (equator), monga Hallertau ku Germany ndi chigwa cha Yakima ku America, kumene dzuwa la chilimwe limawala maola 15 kapena kuposa, ndipo nyengo yozizira imagoneka mizu kuti idzaphukenso ndi mphamvu. Kuno usana wathu ukatalika kwambiri umangofika pafupifupi maola 13, motero mbewuyo imachita maluwa isanakwere mokwanira ndipo zokolola zimakhala zochepa. Ngakhale ku George, ku South Africa, kumene usana ndi wotalikirapo kuposa wathu, alimi ankayatsa magetsi m'minda usiku mpaka pamene anapanga mitundu yawoyawo yopirira usana waufupi, monga Southern Star, Southern Passion ndi African Queen. Mbale wanu akadzabweranso, mumupemphe akutengereni Southern Passion kapena African Queen, chifukwa fungo lawo la zipatso limagwirizana bwino ndi ale, ndipo ulendo wawo wofika kuno ndi waufupi kusiyana ndi wa hops wochokera kutsidya la nyanja.