Kodi eninthaka a ku Canada amadyadi zaulele?

Mayi wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Winnipeg wanditumizira imelo. Akuti anzake kuntchito sasiya kudandaula kuti eninthaka a kumeneko, otchedwa First Nations, salipira msonkho ndipo boma limangowapatsa ndalama ali khale. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati zikufanana ndi Mtukula Pakhomo wathu kuno.

Mayi, sizikufanana ayi. Mtukula Pakhomo ndi thandizo kwa ovutikitsitsa. Ndalama akunena anzanuzo zinachokera m'mapangano, ndiye kuti ndi ngongole imene boma likubweza.

Kuyambira 1871 mpaka 1921, boma la Canada linasainirana mapangano 11 ndi mafumu a eninthaka m'dzina la ufumu wa Britain. Mzinda mukukhalawo uli pamalo a pangano loyamba, limene mitundu ya Anishinaabe ndi Cree inasaina ku Lower Fort Garry mu 1871. Atsamunda anapeza minda, nkhalango ndi njira yodutsitsa njanji. Eninthaka anawasiyira timalo totchedwa reserve, n'kuwalonjeza sukulu ndi ndalama ya chaka ndi chaka. Mu pangano loyambalo ndalamayo inali madola 3 pamunthu, mu 1875 inafika madola 5, ndipo mpaka lero ikadali madola 5 omwewo. Pachaka, osati pamwezi! Anthu amafolabe pamzere tsiku lolandira, nthawi zambiri wapolisi wovala jekete yofiira ali chilili pambali, munthu n'kupatsidwa kapepala kamodzi kosakwana n'chakudya chamasana chomwe. Ambiri amapitabe chifukwa kapepalako ndi umboni woti pangano silinafe.

Mkangano weniweni uli pa tanthauzo la mapanganowo. Zolembedwa m'Chingerezi zimati malo anaperekedwa kotheratu. Akuluakulu a eninthaka amati makolo awo anangovomera kukhalira limodzi. Mu pangano lachisanu ndi chimodzi, la 1876, mafumu a Cree ataona kuti njati zikutha anaumiriza kuti mulembedwe zoti boma lidzawathandiza pa njala ndi mliri, ndiponso kuti bokosi la mankhwala lizikhala kunyumba ya nthumwi ya boma. Lero iwo amati bokosilo ndi lonjezo la chithandizo cha kuchipatala, pomwe boma limati limapereka chithandizocho mwa ndondomeko yake chabe.

Za msonkho n'zachidule. Lamulo la Indian Act limakhululukira munthu wa First Nations wolembedwa m'kaundula wa boma pa katundu ndi ndalama za pa reserve. Amene walembedwa ntchito m'tauni ngati inuyo, kawirikawiri amadulidwa msonkho chimodzimodzi. A Métis ndi a Inuit, magulu ena a eninthaka, mwayiwu suwakhudza n'komwe.

Tsono mukadzamvanso mawu oti "amapatsidwa zonse", mudzawafunse anzanuwo za Jordan River Anderson. Mwanayu, wa ku Norway House Cree Nation, dera la a Cree m'chigawo cha Manitoba, anabadwa mu 1999 ndi matenda aakulu ndipo anagonekedwa m'chipatala mu Winnipeg momwemo. Madokotala atanena kuti akhoza kutuluka n'kumasamalidwa panyumba, boma la Manitoba ndi boma lalikulu la ku Ottawa anayamba kukankhirana kuti alipire ndani. Anamwalira mu 2005 ali ndi zaka zisanu, asanagonepo m'nyumba ya banja. Ine nkhani imeneyi imandiwawa kuposa ya madola 5 ija, chifukwa ndalama zinalipo, panangosowa wovomera kuzitulutsa. Mu 2007 aphungu anagwirizana mfundo yotchedwa Jordan's Principle: mwana athandizidwe kaye, za wolipira akangane pambuyo.

Mu 2016 bwalo loona za ufulu wa anthu m'dzikomo linagamula kuti boma limachita tsankho popereka ndalama zochepa zosamalira ana a pa reserve. Mlanduwu anaukoka zaka zambiri ndi Cindy Blackstock, womenyera ufulu wa ana a eninthaka, pamodzi ndi Assembly of First Nations, bungwe la mafumu a First Nations. Chipukuta misozi cha madola oposa 23 biliyoni chinavomerezedwa mu 2023. Mwina ziwerengero zotere n'zimene anzanuwo amamva pa wailesi n'kuyamba kupsa mtima, osadziwa kuti zikupita kwa ana amene analandidwa m'manja mwa makolo awo, ndi kwa makolowo.