Ngongole ya ku yunivesite sigulidwa pa foni: yankho kwa mayi a ku Chinamwali

Mayi, kalata yanu ndailandira ndipo ndaiwerenga kawiri. Mwati mwana wanu wamkazi wasankhidwa kupita ku University of Malawi, konkuno ku Zomba komwe ambiri timati ku Chanco, ndipo bambo wina adakuimbirani foni kuti amagwira ntchito ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira. Adati opempha achuluka, koma mukatumiza K180,000 dzina la mwanayo lilowa. Mudagulitsa mbuzi ziwiri, ndalama zotsalazo nkukongola ku banki mkhonde, ndipo mudatumiza. Lero nambala ija siikupezeka. Mukufunsa ngati ndalamazo zingabwerere, ngati inuyo muli pa mlandu, komanso ngati mwana wataya mwayi wake.

Ndiyambe ndi za mwanayo, poti ndikudziwa kuti nzimene zikukusowetsani tulo. Sadataye kanthu. Bambo ujayo analibe mndandanda uliwonse m'manja mwake, ndiye palibe pomwe angafufute dzina. Ngongolezi zimaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe la boma lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2015 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Wopempha ndi wophunzira mwiniwake, panthawi yomwe bungwelo lalengeza, ndipo chomwe amayang'ana ndi umboni woti kwawo sangakwanitsedi kulipira. Ndalama ya fizi imapita kusukulu mwachindunji, siidutsa m'thumba la munthu. Ngati pali kandalama kolipira popempha, bungwelo limalengeza poyera nkutchula njira yake, ndipo mumatsala ndi umboni woti mwalipira. Ofesi ya boma siilandirira ndalama pa nambala ya foni ya munthu. Mwana wanu apite yekha ku Chirunga, komwe kuli yunivesiteyo, akafunse ofesi yoona za ophunzira, akamuuze masiku opempha ngongoleyo ndi mapepala ofunika. Kumenekonso nkomwe angamve za thandizo lina lomwe limadzera kusukuluko.

Mumuuzenso kuti imeneyi ndi ngongole, si mphatso. Amayamba kubweza pakatha zaka ziwiri atamaliza maphunziro, ndipo akalembedwa ntchito abwana ake ali ndi udindo wodula pa malipiro nkutumiza ku bungwelo. Alipo akuluakulu amene adaphunzira m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 omwe bungwelo likuwalondolabe mpaka pano kuti abweze. Awerenge bwinobwino asanasaine.

Bungwelo likhoza kumukana, ndipo apa mpamene anthu ambiri amangobwerera kunyumba atagwira njakata, osadziwa kuti ali ndi ufulu. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna za munthu, izichita mwachilungamo ndipo ipereke zifukwa zake polemba. Choncho mwanayo alembe kalata yopempha zifukwa ndi kuti nkhani yake iwunikidwenso, aphatikize umboni uliwonse wa momwe mulili pakhomo, ndipo asunge kope. Akaona kuti sadamuchitire chilungamo akhoza kukadandaula kwa Ombudsman, komwe salipiritsa, kapena kupempha khoti lalikulu kuti liwunike chiganizocho. Kukhoti kuli malire a nthawi: pempho lotere liyenera kulowa pasanathe miyezi itatu chiganizocho chiperekedwereni.

Tsopano za ndalama zanu. Zomwe adachita bamboyo ndi mlandu wopeza katundu mwachinyengo, womwe uli mu gawo 319 la malamulo a milandu, ndipo poti adagwiritsa ntchito foni, apolisi akhoza kuonanso lamulo la 2016 loona za zochitika pa intaneti ndi pa makina. Musafufute kalikonse m'foni mwanu. Kauthenga kaja kadabwera mutangotumiza ndalama kali ndi nambala yachizindikiro, tsiku, ola komanso dzina la wolandira, ndipo ndi umboni wanu woyamba. Mukopere papepala, chifukwa foni imatayika. Mauthenga a pa WhatsApp muwajambule. Kenako pitani lero lomwe ku ofesi ya kampani yomwe mudatumizira ndalamayo, kaya ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, mukapemphe kuti aimitse akaunti yolandirayo. Mukachoka kumeneko mupite kupolisi ya Zomba mukapereke sitetimenti. Akuwerengereni sitetimentiyo musanasaine, ndipo mutenge nambala ya mlandu ndi dzina la wapolisi wofufuza. Masiku ano simu khadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho apolisi ali ndi poyambira, ngakhale akubawa amakonda kugwiritsa ntchito ziphaso za eni ake.

Sindikunamizani, mayi. Ndalama zotere kawirikawiri zimatapidwa kwa ajenti pakangopita mphindi zochepa, ndipo ambiri sazionanso. Komabe munthuyo akagwidwa nkupezeka wolakwa, khoti lili ndi mphamvu yomulamula kuti akubwezereni, ndipo muuziretu woimira boma pa mlanduwo kuti mukufuna zimenezo. Muthanso kumusumira panokha kukhoti la majisitireti. Ngati simungakwanitse loya, a Legal Aid Bureau alipo kuti athandize anthu onga inu.

Funso loti kodi muli pa mlandu landikhudza, chifukwa mantha amenewa ndi amene akuba amadalira. Amadziwa kuti kholo lomwe lapereka ndalama kuti mwana adutse pakhomo lakumbuyo lichita manyazi kukanena. Nzoona kuti lamulo lothana ndi ziphuphu limalanga wopereka ndi wolandira yemwe. Koma malinga ndi momwe mwafotokozera, munthuyo ndiye adakuimbirani, adakuopsezani kuti mwana atsala, ndipo inu mudakhulupirira kuti ndi momwe zimayendera. Mukupita kupolisi ngati wodandaula. Chomwe chingakutetezeni kwambiri ndi kunena zonse mmene zidachitikira, osabisa kuti ndalamayo inali ya chiyani. Zikadzadziwika kuti munthuyo ndi wogwiradi ntchito m'boma, nkhaniyo ipitenso ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, ndipo musanakapereke sitetimenti kumeneko mukhale kaye pansi ndi loya.

Pali china chomwe simudatchule koma ndikuchiopa. Ngati mudamutumizira chithunzi cha chiphaso chanu, cha mwana, kapena satifiketi ya MSCE, zimenezonso zilembedwe mu sitetimenti, kuti wina akadzaberedwa m'dzina lanu pakhale umboni woti mudanena kale. Nambala yachinsinsi ya akaunti yanu muisinthe. Ndipo musadabwe masiku akubwerawa wina akaimba kuti ndi wapolisi kapena wa kukampani ya foni, wagwira wakuba uja, mungotumiza ya mafuta kuti ndalama zanu zibwerere. Ndi gulu lomwelo, ndipo nambala imeneyo mukaipereke kwa wofufuza mlandu wanu.

Kusukulu musadikire kuti mlanduwu uthe kaye. Mwana akapita ku Chirunga atenge kalata yomusankha ija, ndipo afunse ngati angaloledwe kulipira fizi pang'onopang'ono podikira yankho la ngongole. Chomwe angamuyankhe, apemphe kuti amulembere.