Sikelo ndinaisiya kale, nanga bwanji tulo sitikubwera?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo wina wa konkuno ku Chipata. Dzina lawo ndalisunga monga anapempha, ndipo mawu awo ndawafupikitsa motere:

"Kwa zaka 3 ndinkagula chimanga ndi soya m'midzi ya ku Chadiza ndi ku Vubwi, pogwirira ntchito munthu wina wamalonda. Sikelo yathu inali yokonzedwa kuti izidya makilogalamu 2 pa thumba lililonse. Anaikonza ndi abwana, ine ndinkangopachika matumba ndi kulemba m'buku. Ntchitoyo ndinaisiya, ndinalapa, ndipo tsopano anthu akufuna kundisankha kukhala mkulu wa mpingo. Koma ndikagona ndimaona nkhope za amayi amene ankabwera atasenza theka la thumba pamutu. Kodi tchimoli ndi langa kapena la abwana? Ngati Mulungu anandikhululukira, bwanji mtima wanga sukukhala pansi?"

Achimwene, zikomo pondikhulupirira. Funso lanu loyamba ndiliyankha mosazungulira. Tchimolo ndi lanu, ndi la abwana anunso. Tchimo si ndiwo zoti zikagawidwa m'mbale ziwiri aliyense alandire zochepa. Iwo anapotoza sikelo, inu munayang'ana mayi m'maso n'kumuuza kuti 48 mukudziwa kuti thumba lakwana 50. Ndikudziwa kuti ntchito ndi yosowa ndipo munali ndi ana ofuna kudya. Zimenezo zimandichititsa kukumverani chifundo, koma chimanga cha mayi uja sizichibweza.

Funso lachiwirilo ndi limene landigoneka mochedwa.

M'chinenero chathu tili ndi mawu atatu amene timawasokoneza. Mwana akagwetsa mbale, walakwa. Ng'ombe zanu zikalowa m'dimba la mnzanu n'kudya repu yense, umenewo ndi mlandu, ndipo mlandu umakhala ndi mwini wake: pali munthu amene wataya kanthu, mumakakhala naye pansi kwa anyakwawa, mulipire. Ndiye pali tchimo, limene ambiri a ife tinalikankhira kumwamba, ngati kuti ndi nkhani ya ine ndi Mulungu basi, yothera m'pemphero la usiku. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Magwero mu 1899 sanapeze anthu osadziwa choipa. Bwalo linalipo, chipepeso cha nkhuku kapena mbuzi chinalipo, ndipo akuluakulu ankanena kale kuti mlandu suwola. Chimene chatichitikira ife a m'matchalitchi n'chakuti tinaphunzira kulapa, n'kuiwala kulipira. Inu munalapa tchimo, koma mlandu munausiya ku Chadiza uli wamoyo. Umenewo ndi umene ukukudzutsani.

Baibulo lenilenilo siligawa zinthuzi. Pa Levitiko chaputala 6, munthu amene wanyenga mnzake auzidwa kubweza chinthucho chonse, kuwonjezerapo limodzi la magawo 5, ndi kubweretsanso nsembe yake kwa wansembe. Pa Numeri chaputala 5 lamulo likupitirira: wolakwiridwayo akakhala kuti palibe, chobwezacho chipite kwa m'bale wake, ndipo m'bale akasowa chiperekedwe kwa Yehova. Yesu naye, pa Mateyu chaputala 5, akuti ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako pomwepo, uyambe wakagwirizana naye. Musandimve ngati ndikuti chikhululukiro chimagulidwa ndi matumba, ayi. Zakeyu wa ku Yeriko anayamba walandira Yesu m'nyumba mwake, ndipo iye atalandiridwa ndi Yesu ndi pamene pakamwa pake panatuluka lonjezo lobweza kanayi. Munthu wokhululukidwa ndi amene amapeza mphamvu zobwerera kumene anaba. Kusowa tulo kwanuko ine sindikukuona ngati chizindikiro choti Mulungu wakukanani. Chikumbumtima chanu chinali chitauma ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato, tsopano chayambanso kumva minga.

Ndikuuzeni zanga, chifukwa sindikulankhula ndili pamwamba pa chulu.

Mu 2011 ndinkagulitsa pa msika wa Kapata, ndipo ndine ndinkasunga ndalama za chilimba chathu. Itafika nthawi ya mayi wina wachikulire wogulitsa tomato, ndinamupatsa ndalama zoperewera K300,000, ndalama zakale zija tisanachotse maziro atatu mu 2013. Ndinali nditazidya ndekha. Ndinamunamiza kuti mnzathu wina sanasonkhe. Mayiyo anazimanga pakansalu, n'kungoti, "Palibe kanthu mwanawanga, idzabwera." Patapita nthawi anabwerera kumudzi, ndipo ine ndinapuma. Ndinapemphera za nkhaniyo kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse ndinkadziuza kuti yatha.

Pamene ndinalimba mtima n'kupita kukamufuna, ndinapeza atamwalira. Ndinalandiridwa ndi mwana wake wamkazi, amene anali pamphasa akusenda nshawa. Ndinakhala pansi, ndinafotokoza zonse, ndinaika ndalama palichero. Anaziwerenga kawiri osandiyang'ana. Kenako anati, "Amayi ankadziwa. Anakafunsa kwa mayi munawanamizira aja tsiku lomwelo. Anangotiuza kuti timusiye, tsiku lina adzabwera yekha." Sanandikumbatire, sananene kuti wandikhululukira. Anandipatsa madzi akumwa, n'kupitiriza kusenda nshawa zake. Ndili pa minibasi pobwerera m'tauni ndi pamene ndinazindikira kuti ndili ndi mlandu wachiwiri, wa mayi amene ndinamuipitsira dzina. Umenewo unalibe mtengo woti n'kuika palichero. Ndinachita kukaunena pamaso pa anzathu a chilimba amene anali akadali pamsika, ndipo kunena zoona tsiku limenelo linandiwawa kuposa la ndalama.

Ndakuuzani izi kuti musapite ndi chiyembekezo choti akakuimbirani nthungululu. Ena akakutukwanani, ndipo ali ndi chifukwa. Pepani sapoletsa chilonda. Makilogalamu 2 kwa munthu wa m'tauni ndi kanthu kochepa, koma mayi amene nkhokwe yake imatha mu Januwale amadziwa kuti ndi nsima ya ana ake. Tonse tinaona m'chilala cha 2024 mmene meda imodzi ya chimanga inalili yamtengo wapatali.

Mwina mukuti anthuwo ndi ambiri, simungawakumbuke onse. N'zoona, koma midzi mukuidziwa, mitengo imene munkapachikapo sikelo mukuidziwa. Khalani pansi ndi pepala muwerengere. Ngati munagula matumba 300 pamalo amodzi, munadya makilogalamu 600, amene ndi matumba 12. Werengerani m'matumba, osati m'makwacha a nthawi imeneyo, chifukwa ndalama inatsika mphamvu koma thumba likadali thumba. Chiwerengero chikakuopsani, musathawe. Pang'onopang'ono ndi mtolo: mudzi umodzi chaka chino, wina chaka chamawa. Zoti abwana anu akale alipire gawo lawo mukhoza kukawauza, koma musadikire yankho lawo kuti muyambe.

Akazi anu auzeni poyamba, chifukwa matumba amenewo adzatuluka pakamwa pa ana anu, ndipo si bwino kuti amve kwa anthu. Kumudziko musakangofika nokha n'kuimirira pakati pa bwalo. Pezani munthu wamkulu, kaya mbusa wanu kaya mkulu wina wodziwika kumeneko, akuperekezeni kwa anyakwawa. Iwo amadziwa amene ankagulitsa, amene anamwalira ndi amene anasiya ana amasiye. Ndikupemphaninso chinthu chimodzi: nkhaniyi musaisandutse umboni wa pa maikolofoni Lamulungu anthu a ku Vubwi asanaone ngakhale thumba limodzi. Ndaonapo anthu akuomberedwa m'manja chifukwa chofotokoza bwino machimo awo, amene anawalakwira ali kunyumba osadziwa kanthu. Zimenezo zimandipweteka mtima.

Palinso china chimene simunafunse. Sikelo yonyenga sikhala pamtengo pokha, imalowa m'manja mwa munthu. Tsiku loyamba mtima unagunda, sabata yachitatu munali mukuseka ndi alimi uku mukuwadyera. Chizolowezi chotere sichichoka tsiku la ubatizo. Dziyang'aneni mmene mumalipirira waganyu amene wakupalirirani munda, mmene mumanenera mtengo wa chinthu kunyumba, mmene mumawerengera chopereka mukakhala awiri okha m'kachipinda. Ine mpaka lero ndalama za gulu sindiziwerenga ndekha, ndimaitana wina akhale pambali panga, chifukwa dzanja langa ndimalidziwa. Ngati mudzabwererenso ku malonda a mbewu, pitani nayo sikelo yanu ku Zambia Metrology Agency, bungwe la boma loona za masikelo ndi miyeso, akaiyese, ndipo muziitembenuzira kwa mlimi kuti aziwerenga yekha. Inu mukudziwa mmene sikelo imapotozedwera, choncho mukhoza kuphunzitsa alimi a kwanuko zoyenera kuyang'ana ogula akafika ndi Canter yawo. Mwa anthu onse, inu ndi amene mungawathandize bwino pamenepo.

Za ukulu wa mpingo, maganizo anga ndi akuti muwauze abusa zonse musanavomere, ndipo muwapemphe kuti ayembekeze kufikira mutapita ku mudzi woyamba. Akakusankhani pambuyo pake, adzakhala akusankha munthu amene akumudziwa.

Chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola, cha mu Meyi ndi Juni. Gulani matumba anu nthawi imeneyo, muwathire mankhwala a anankafumbwe, muwasunge. Kwa anyakwawa pitani msanga mukanene mlandu wanu, koma matumbawo mukapereke mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitapepuka. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kudzamva mmene mwayendera.