Tifunseni: Napolo ndi Anamondwe a ku Mulanje

Makalata a mwezi uno achokera m'tsinde mwa phiri la Mulanje ndi madera oyandikana nalo. Akuyankha ndi anzathu odziwa za nyengo ndi zomangamanga.

FUNSO: Agogo anga amati Napolo ndi chinjoka chimene chimasamuka m'phiri. Kusukulu akuti ndi nthaka chabe. Zoona ndi ziti? (Mtsikana wa Folomu 3, Chitakale)

YANKHO: Mwana wathu, agogo anuwo musawaseke. Za njokazo tisiye, koma akamati Napolo ali ndi njira yake ndipo amabwereranso momwemo, akunena zoona.

Phiri la Mulanje ndi thanthwe lolimba, ndipo dothi la pamwamba pake m'malo otsetsereka ndi lochepa. Mvumbi ukagwa masiku atatu kapena anayi, dothilo limakhuta madzi. Madziwo akafika pathanthwe amasowa kolowera, ndiye dothi lonse limatereka pamodzi ndi mitengo yake. Likagwera m'khwawa limatola miyala, nthawi zina n'kutseka khwawalo kwa kanthawi. Chotsekacho chikaphulika, chimene chimatsika ndi matope olemera kwambiri kuposa madzi, otha kukankha mwala waukulu ngati nyumba. Napolo ndi ameneyo.

Akuluakulu a ku Zomba amakumbukira wa mu Disembala 1946. Kuno wosaiwalika ndi wa pa 10 Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, anthu pafupifupi 500 n'kutaya miyoyo. Nthawi imeneyo Phalombe inali mbali ya boma la Mulanje. Ngozi imeneyi ndiyo inachititsa kuti chaka chomwecho dziko lino likhale ndi lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

FUNSO: Tikukula sitinkamva za anamondwe okhala ndi maina. Bwanji masiku ano akungotsatizana, ndipo bwanji amakonda kwathu kuno? (Bambo wa ku Luchenza)

YANKHO: Bambo, anamondwe analipo kale, kungoti wailesi sinkatchula maina awo monga lero. Koma kuti zaka zino athinana, mukunena zoona. Mu Januwale 2015 mvula yosalekeza inachititsa boma kulengeza kuti maboma 15 ali pangozi. Mu Malichi 2019 kunabwera Idai. Mu Januwale 2022 Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala mumdima, ndipo anthu asanapume Gombe anafika mu Malichi. Kenako Freddy, mu Malichi 2023: anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, ena oposa 500 sanapezeke. Ku Nkhulambe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yomwe madera ambiri a dziko lino salandira ngakhale chaka chathunthu.

Chimene chimatisankha ndi phiri lomweli. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya Indian imadutsa m'zigwa za Mozambique popanda choitchinga, kenako n'kugunda khoma la phirili, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ili mamita 3,002 kuchokera pa mulingo wa nyanja. Imakakamizika kukwera, imazizira, n'kukhuthula madzi. N'chifukwa chake tiyi amakondwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, n'chifukwa chakenso timawotha moto ndi chiperoni mu Juni. Namondwe akalowera cha ku Quelimane, m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, monga anachitira Freddy, mitsinje ya Ruo, Muloza, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imalandira madzi onsewo nthawi imodzi. Tisaiwalenso kuti dera lomweli linalawa chilala cha 1949 ndi cha 1992.

FUNSO: Nyumba yathu ili pafupi ndi khwawa lotsika m'phiri. Tidziwa bwanji kuti nthawi yothawa yakwana? (Mayi wa ku Muloza)

YANKHO: Mayi, yambani lero kusanagwe mvula. Yendani m'munda mwanu ndi mwa anansi. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira itamwazikana pamalo athyathyathya, kutali ndi phiri, dziwani kuti sinamere pamenepo. Inabwera ndi Napolo wakale, ndipo malo amenewo ndi njira yake. Malo oopsa koposa ndi pamene khwawa likutuluka m'phiri n'kuyamba kutambasuka, ngakhale kuti m'pamene pamaoneka pabwino pomanga.

Pezani chitini chowongoka m'mbali, chopanda khosi, muchiike pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse yezani madziwo ndi rula, mulembe, mutaye. Sentimita imodzi ndi mamilimita 10. Mukapeza masentimita 10 pa tsiku limodzi pomwe nthaka inakhuta kale, ife tikuti usiku umenewo musagone m'nyumbamo. Kuchoka kukali kowala n'kwanzeru, chifukwa mumdima simuona kumene matope akuchokera.

Zizindikiro zina n'zapafupi: akasupe kutumphuka pamene sipanakhalepo kasupe, ming'alu m'nthaka kumtunda kwa nyumba, mitengo kupendekeka, chitseko kuyamba kuvuta kutseka. Madzi a m'khwawa akada bii n'kumabwera ndi nthambi zaziwisi, kumtunda kwagumuka. Koma chimene chimapusitsa anthu ambiri ndi ichi: mvula ili mkati, madzi a m'khwawa n'kuchepa mwadzidzidzi. Ena amati zapepuka. Ayi, khwawalo latsekeka kumtunda ndipo madzi akuunjikana. Nyamulani ana pomwepo.

Pothawa musatsate khwawa kulowera kumunsi, matope amathamanga kukuposani. Dulani cham'mbali, mukwere pamalo okwera omwe munagwirizana kale ndi amfumu ndi komiti ya m'mudzi. Mukamva kugunda m'phiri, za mbuzi ndi matumba a chimanga zisiyeni. Ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi tochi zizikhala mujumbo pafupi ndi khomo kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mitengo dzalani ndithu, imagwira nthaka pa mvula wamba, koma pa mvula ngati ya Freddy musaidalire.

FUNSO: Kwathu kulibe Napolo, koma nyumba zimagwabe ndipo malata amasasuka. Tikulakwitsa pati? (Mmisiri wa ku Bvumbwe)

YANKHO: Achimwene, zambiri zimagwa kuyambira pansi. Khoma la zidina kapena la njerwa zomangira dothi likamwa madzi m'munsi limafewa n'kukhala pansi. Maziko amangidwe ndi miyala kapena njerwa zootcha ndi simenti, atuluke masentimita 30 pamwamba pa nthaka, ndipo muyale pulasitiki musanayambe khoma. Denga lipitirire khoma ndi masentimita 60, khonde lizungulire nyumba, ndipo kumtunda mukumbe ngalande yopatutsa madzi.

Malata amauluka chifukwa mitengo ya denga imangosanjikidwa pakhoma. Ikani waya wolimba m'khoma mizere isanu kapena isanu ndi umodzi musanafike pamwamba, mudzamangire mtengo uliwonse. M'mphepete ndi m'makona mwa denga, momwe mphepo imayambira kunyamula, khomani msomali pa msana uliwonse wa lata, ndipo nsonga yake muipinde kunsi.