Mabuku a zithunzi oyenera mwana wa zaka 3 ndi wa zaka 6

Mayi, mwafunsa mabuku a zithunzi ogulira ana anu awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 6, ndipo mwati mukufuna okhala ndi phunziro, osati ongoseketsa. Pogula, yambani mwatsegula tsamba lomaliza. Mukapeza kuti phunziro alilemba poyera ngati lamulo la kusukulu, bukulo libwezeni pa shelefu. Mwana salowa nkhani chifukwa cha ulaliki. Amagwira zimene waona zikuchitika pa chithunzi, n'chifukwa chake buku lotere amalimvera kamodzi basi.

Wamng'onoyo muyambe naye The Very Hungry Caterpillar la Eric Carle, la mu 1969. Kambozi kamaswa dzira kali ndi njala. Lolemba kadya chipatso chimodzi, Lachiwiri ziwiri, mpaka Lachisanu malalanje 5. Loweruka kachita dyera, kadya keke, soseji, maswiti ndi zina zambirimbiri, usiku m'mimba mwayamba kupota. Lamulungu kadya tsamba limodzi lobiriwira n'kupeza bwino, kenako kadzitsekera m'chikwa n'kutulukamo kali gulugufe. Mwana amatolapo kuwerenga manambala, masiku a sabata, komanso zoti dyera limapweteka, inu osatchula n'komwe. Masamba ake ali ndi timabowo tolowetsamo chala, choncho funani la masamba olimba ngati katoni. La mapepala wamba silichedwa kung'ambika pa timabowo pomwepo.

Koma ngati ndalama ikukwana buku limodzi lokha la onse awiri, tengani Handa's Surprise la Eileen Browne, la mu 1994. Handa, kamtsikana ka ku Kenya, kasenza dengu la zipatso 7 kupita nalo kwa mnzake Akeyo. M'njira akungodzifunsa kuti mnzakeyo akonda chipatso chiti. Mawu a m'bukumo sanena kanthu kena, koma zithunzi zikuonetsa pusi akutsomphola nthochi, nthiwatiwa ikutenga gwafa, mbidzi lalanje, njovu mango, mpaka dengu kutsala lopanda kanthu pamutu pake iye osadziwa. Kenako mbuzi yodula chingwe yagunda mtengo, manachesi n'kuyoyokera m'dengumo. Ubwino wake wagona pamenepo: mwana amadziwa zimene Handa sakudziwa, ndiye amakuwa, amaloza, amafuna kumuchenjeza. Cholakwika chimene akulu ambiri amachita ndi kuwerenga mzere umodziwo n'kutembenuza tsamba msanga. Imani kaye. Funsani kuti, "Kodi akubwera kumbuyo kwakeyo ndani?" Mukatero wamng'ono atchula nyama, wamkulu awerenga zipatso zotsala. Za kugawana ndi mnzako zimalowa zokha, chifukwa ulendo wonsewo ndi wokapatsa wina.

Wa zaka 6 uja, la iye ndi Galimoto la Karen Lynn Williams, lojambulidwa ndi Catherine Stock, la mu 1990. Nkhaniyi inachitikira ku Malawi konkuno. Kondi, mnyamata wa zaka 7, wanena kuti apanga galimoto ya mawaya. Mkulu wake Ufulu amuseka poti alibe mawaya okwanira. Tsiku lonse Kondi azungulira, kusitolo, kuchigayo, kupempha apa kusinthanitsa apo, mpaka dzuwa lisanalowe galimoto yatheka. Palibe wamkulu amene wamupangira, ndipo palibe wamugulira. Dziwiranitu kuti akamva nkhaniyi adzafuna yake, ndiye konzekani. Mupezereni waya wofewa wopanda dzimbiri, nsonga zake muzipinde ndi pulayazi kuti zisamubaye m'maso, zitsekerero za mabotolo zikhale matayala, bango likhale chiwongolero. Ikapendama musamuwongolere. Aiphwasule yekha, ayambirenso.

Likamukomera limenelo, lotsatira ndi The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani yoona ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene analeka sukulu chifukwa cha njala ya 2001 mpaka 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atawaona m'buku la ku laibulale. Chenjerani pogula: dzina limeneli lili pa mabuku angapo. Lochindikala la mu 2009 ndi la akulu. La zithunzi ndi la mu 2012, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Lili ndi mawu ambiri ndipo limakamba za njala, choncho wa zaka 3 silimuyenera.

Ngati pakhomopo pali wovuta ndi mkwiyo, pali Where the Wild Things Are la Maurice Sendak, la mu 1963. Max wachita mwano, amayi ake amugoneka osadya, iye m'maganizo wapita kudziko la zilombo n'kukhala mfumu yawo. Atasungulumwa abwerera, n'kupeza chakudya chamuikiridwa m'chipinda, chikadali chotentha. Mwana amamva kuti kukalipiridwa si kutayidwa. Koyamba muliwerenge masana, chifukwa mano ndi zikhadabo za zilombozo zimalotetsa ana ena.

Limene sindikulimbikitsani kwa msinkhu umenewu ndi The Giving Tree la Shel Silverstein, la mu 1964, ngakhale ambiri amalitama. Mtengo upatsa mnyamata zipatso, nthambi, thunthu, mpaka kutsala chitsa, iye n'kumangobwera kudzatenga. Mwana wamng'ono akhoza kutolapo zoti wokukonda ndi wofunika kumudyera. Lidikire afike zaka 9 kapena 10, pamene mungakambirane ngati mnyamatayo anachita bwino.

Mabuku onsewa ndi a Chingerezi, koma zimenezo zisakumangeni. Liwerengeni nokha kaye, kenako mukakhala ndi ana fotokozani m'Chichewa ngati nthano, chala chili pa chithunzi. Musamasulire liwu ndi liwu, nkhani imazizira. Chipatso chimene sachidziwa chitchuleni mmene chalembedwera n'kupitirira. Mawu amene mwasankha tsiku loyamba muwasunge, chifukwa mawa mukasintha, mwana akudzudzulani, ndipo akhala akulondola: amaphunzira mwa kubwereza. Akafuna buku lomwelo masiku 10 otsatizana, muwerengereni ndithu. Wa zaka 3 mphindi 5 mpaka 10 zakwana, wa zaka 6 akhoza kufika 15. Akayamba kutembenuka tsekani, mudzapitiriza mawa. Ndipo mukamaliza pewani funso lija loti, "Waphunzirapo chiyani?" Limasandutsa nthano kukhala mayeso. Funsani kuti, "Ukanakhala iwe ukanatani?"

Ogulitsa mabuku akale m'misika nthawi zina amakhala nawo. Werengani masamba onse musanalipire, poti lomaliza ndi limene limathothoka kawirikawiri. Funsaninso ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi. Za m'Chichewa zaulere zilipo pa African Storybook pa intaneti: sankhani chilankhulo, koperani nkhaniyo, koma ngati n'kotheka kaisindikizeni pa pepala n'kuisoka ndi ulusi pakati. Pa foni mwana amathamangira kutsetsereza chala, chithunzi asanachione bwino.